Mizere Iwiri ya Alamu Anga

Alamu anga ndi ometa tsitsi. Ndi achimwene awo aakulu a amuna anga, ndipo shopu yawo ili pansi pa nyumba yosanja imene timachita lendi, pakati pa wokonza mafoni ndi mayi wogulitsa ulusi ndi mabatani. Kumeta amatha, pamenepo sindingawanamizire. Dzanja lawo ndi lopepuka moti khanda limagona akulimeta. Koma munthu wamkulu, wa imvi m'ndevu, anagwidwa ndi nthano ngati matenda, ndipo matenda akewo anatsala pang'ono kumutayitsa mwana wanga malo a sukulu.

Nthanoyo ili m'mabuku asanu ndi limodzi, onenepa ngati njerwa, ndipo anaipanganso mafilimu. Ine sindinawerengepo ngakhale tsamba limodzi, koma ndimaidziwa ngati mmene umadziwira nyimbo ya neba wokonda kukweza wailesi. Akuti kuli dziko lina kumene mfumukazi inaba mphepo n'kuitsekera m'mabotolo, zombo zouluka zonse n'kugwa pansi. Ndiye pali gulu la anthu otchedwa alonda, amene analumbira kuti akaibweza. Aliyense wolumbira amametedwa mizere iwiri pamwamba pa khutu lamanzere. Wopereka anzake amametedwa mpala pamaso pa gulu lonse, ndipo palibe amene amamulankhulanso.

Amuna anga amati zinayamba alamu ali achinyamata, akuphunzira ntchito kwa mmisiri wina. Kasitomala anaiwala buku loyamba pabenchi, iwo n'kulitola, basi sanachirenso. Anadzimeta mizere iwiri ija ndipo sanailole kuti imere. Mu shopu mwawo, pamwamba pa galasi, pali shelefu ya mabukuwo, lililonse m'pepala lapulasitiki. Pambali pake pali mabotolo opanda kanthu, otsekedwa ndi phula. Kanema wa pakona amaonetsa mafilimu omwewo kuyambira potsegula mpaka potseka, moti okonda mpira anasamukira kwa wometa wa kuseri. Filimu yatsopano ikatuluka amatseka shopu, amavala mkanjo wotuwa umene anasoketsa ndi katani yakale, n'kukaima pamzere pamodzi ndi ana oti angakhale adzukulu awo.

Akazi awo anapirira zaka ndithu. Tsiku lina anatsegula botolo limodzi kuti athiremo mafuta ophikira, ndipo mkangano wake unamveka mpaka kumtunda kwathu. Ponyamula katundu wawo anandiuza pamasitepe kuti, “Mlamu, akanakhala mkazi mnzanga ndikanalimbana naye. Nanga botolo la mpweya ungalimenye bwanji?”

Ine ndimagwira ntchito yosita pamalo ochapira zovala. Ndimaima ndi simbi tsiku lonse, khanda lili kumsana kapena m'dengu pansi pa tebulo. Chisamba changa, mtsikana wa zaka zisanu ndi chimodzi, ndinkamusiya mu shopu ya alamu chifukwa ndinalibe pena pomusiya. Kumeneko ndi kumene anamwera nthanoyo mpaka kukhuta.

Chaka chino anayenera kuyamba sukulu. Pali sukulu imodzi moyang'anana ndi kuntchito kwanga, kungowoloka msewu. Ina ili kutali, kokwera mabasi awiri, ndipo akanapita kumeneko ine ntchito ikanatha, chifukwa sindingaperekeze mwana, kukamutenga, n'kusitanso malaya a anthu. Aliyense amafuna sukulu yapafupiyo, ndipo ahedi ake ndi mayi osasekerera. Anatiuza makolo tonse kuti ana atsopano adzawaona okha ndi maso m'mawa wa Lolemba. Anati tsitsi likhale lalifupi, lofanana mutu wonse, ndipo wobwera ndi zokongoletsa adzabwerera pageti pomwepo, malo ake n'kutenga wina.

Lamlungu masana ndinatsika naye mwanayo. Ndinati, “Alamu, mumumete wamba. Mofanana mutu wonse, mwamva?” Anavomera maso ali pa kanema. Ine ndinakwera kukasita yunifolomu.

Nditabwerera, mwana anandithamangira atapendeketsa mutu kuti ndione bwino. Mizere iwiri pamwamba pa khutu lamanzere, yofika pakhungu penipeni, ikuwala ngati njanji.

“Alamu, ichi n'chiyani?”

“Anapempha yekha, mlamu. Walumbiranso, mawu onse osaphonya ngakhale amodzi. Ine misozi inalengeza.”

“Mwana woti mamina timamupukuta, walumbira chiyani? Mawa ndi Lolemba!”

“Aa, timizere tiwiri tokha. Ahedi sangaone.”

“Ahedi aja amaona batani losokedwa ndi ulusi wina ali tsidya la msewu. Inu mumawayesa akhungu ngati makasitomala anu?”

Wokonza mafoni anasuzumira pakhomo, poti mkangano saphonya. Anati, “Mayi, pakanipo polishi wa nsapato, wakuda.” Mayi wa mabatani anati kapena chipewa. Ndinawafunsa ngati anamvapo sukulu yolandira mwana wonunkha nsapato. Tonse tinadziwa kuti njira inali imodzi yokha, ndipo ndinaitchula ine.

“Mumeteni mpala. Tsitsi limamera.”

Mwana atamva mawu amenewo anakuwa ngati wapsa ndi simbi. Analowa pansi pa sinki, manja onse awiri atagwira mutu. “Sindinapereke munthu, amayi! Abambo aakulu, auzeni, sindinapereke munthu!”

Alamu anazimitsa mashini n'kuwaika m'dirowa. “Dzanja langa silingamete mwana ameneyu mpala. Simukudziwa tanthauzo lake, mlamu.”

“Tanthauzo lake ndi loti ine ndikhale pa ntchito, iye akhale pa desiki. Lina ndi liti?”

Ndinaimbira amuna anga, amene amayendetsa lole ndipo anali kutali. Anamvetsera, kenako anati, “Mvanani bwinobwino, amenewo ndi achimwene anga.” Ndinadula foni. Pa banja limeneli aliyense amawanyengerera alamu ngati dzira. Akuti ndi munthu wofatsa, samwa, samenya. Zoona. Koma wofatsa yemweyo ndi amene anathawitsa mkazi, anathawitsa makasitomala, ndipo tsopano anali ataika mwana wanga pansi pa sinki.

Ndinakwera pabenchi, khanda lili kumsana, n'kutsitsa buku loyamba lija, lachikuto chong'ambika, limene salola munthu kuligwira. Ndinalivula pulasitiki n'kuligwira pamwamba pa ndowa ya madzi otsukira zipeso.

“Sankhani, alamu. Mutu kapena buku.”

Anayang'ana bukulo, anayang'ana pansi pa sinki. Ndinaganiza kuti andilanda, ndipo ndinali wokonzeka kulisiya ligwe. M'malo mwake anatulutsa mashini m'dirowa, anakhala pampando wa makasitomala, n'kudzimanga okha nsalu pakhosi.

“Ikani bukulo pouma. Yambani ine.”

Kenako anaitana mwanayo. “Iwe mlonda wamng'ono, tamvera. M'buku lachisanu, mtsogoleri wa gulu anafuna kulowa m'nyumba ya mfumukazi, kumene kuli mabotolo. Ndi mizere akanalowa?”

Pansi pa sinki panachokera kamawu. “Akanamugwira pageti.”

“Ndiye anatani? Analola kumetedwa mpala, anthu amuyese wopereka anzake, iye akudziwa yekha mumtima.”

“Mu filimu mulibe zimenezo.”

“A filimu anadula. M'buku zilimo.”

Kaya zilimodi, kaya anapeka pompo, ine sindikudziwa, ndipo sindidzawerenga njerwa imeneyo kuti ndidziwe. Ndinalandira mashiniwo. Sindinagwirepo mashini ometera chibadwire, ndipo sindinayese n'komwe kufewetsa dzanja. Ndinayambira pa mizere yawo yomweyo, imene anaisunga kuyambira ndisanabadwe. Tsitsi la imvi linagwera pansalu. Ndinawatema kuseri kwa khutu, ndinawatemanso pankhongo, ndipo spiriti ndinathira wambiri. Wokonza mafoni anati, “Mayi, mukumeta kapena mukupala nsomba?” Alamu anatseka maso, misozi ikutsikira m'ndevu. Munthu amene sanalire pamene mkazi wake ankatsika masitepe ndi sutikesi, analirira timizere tiwiri.

Mwana anatuluka pang'onopang'ono. Anawagwira pamutu, n'kukwera yekha pampando. Anamumeta ndi iwowo, akumunong'oneza zinthu zimene sindinafune kumva.

Lolemba m'mawa tinaima pamzere pageti. Patsogolo pathu anabweza mwana wina chifukwa cha mikanda ya m'tsitsi, mayi ake akuchonderera. Ahedi atafika pa ife anayang'ana mutu uja, woyera ngati dzira, n'kufunsa ngati anali ndi zipere. Ndinati ayi, ndi ukhondo chabe. Anati, “Makolo onse akanatero bwenzi zili bwino.” Mwana wanga anawayang'ana m'maso osaphethira, nsagwada zitalimba, ngati akuyang'ana mdani. Anamulandira.

Malo tinapeza, ntchito ndikugwira. Koma musaganize kuti zinatha. Mwanayo amapita kusukulu ngati kazitape. Aphunzitsi ake anandiitana kale kuti anamupeza akusuzumira pawindo la ofesi ya ahedi, ndipo atamufunsa anati amawerenga mabotolo. Madzulo amatsika kukapereka lipoti kwa abambo ake aakulu, iwo n'kumagwedeza mutu ngati nkhani ya boma.

Mizere ija alamu sanaibwezeretse. Sabata iliyonse amadzimeta mpala, ati mpaka mlonda wamng'ono adzatuluke m'nyumba ya mfumukazi, ndiye kuti mpaka adzamalize sukulu. Amauza kasitomala aliyense nkhaniyi, ndipo mmene amaikambira, ngwazi ndi iwowo. Ine ndimatchulidwa ngati uja anafuna kumiza buku.

Amuna anga atabwera anati ndikawathokoze. Ndinawafunsa kuti munthu akakutenthera malaya ndi simbi, kenako n'kutenthanso ake kuti mufanane, umamuthokoza chiyani?

Tsitsi la mwana wanga linamera. Ndimamumeta ndekha ndi sizasi pamasitepe, atakhala pandowa yovundikira. Limatuluka lokwera mbali imodzi, ndipo alamu akadutsa amaluma mlomo ngati dzino lawawawa. Khandali likadzafika pometedwa, ndidzapita nalo kwa wometa wa kuseri, amene amaonetsa mpira.