Pamchenga Pomwe Amuna Saponda

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza kusikelo. Ndinapita kukapimitsa Masozi, mwana wanga, pachipatala chaching'ono cha kwathu ku Chikwa, ndiye anamwino ataona kuti khadi ndikuwerenga ndekha anandifunsa kuti sukulu ndinalekera pati. Ndinati giredi seveni. Anati kwabwera anthu ochokera kuboma la Chama, akufuna mzimayi wodziwa Chisenga ndi Chinyanja woti aziyenda nawo m'mbali mwa Luangwa. Amuna anga anali atapita kukagwira ntchito kumafamu, ine ndinali pakhomo pa apongozi ndi mwana woyamwa, ndipo mtsinje umene uja ndinkauopa kuyambira ndili wamng'ono. Koma ndinavomera pomwepo, osapempha ndi chilolezo chomwe. Zinali zaka za m'ma 1990, chilimwe, madzi ataphwera.

Nthawi imeneyo msewu unali kukonzedwa, ndipo malole a dizilo anayamba kuwoloka mtsinje pa pontuni, chombo chachitsulo chija chonyamula magalimoto. Bwana wathu, a Zulu, munthu wa kutauni wolankhula pang'onopang'ono, anatifotokozera m'mawa woyamba.

"Tsiku lina lole idzagwera m'madzi. Sindikulodza ayi, madalaivala ndimawadziwa. Tsikulo tisadzayambe kufunsana kuti tithamangire kuti."

Ntchito yathu inali kuyenda gombe lonse kumunsi kwa pontuni ndi kulipatsa mitundu. Tinali ndi zithunzi zojambulidwa pa ndege, pepala loonekera loyala pamwamba pa zithunzizo, mapensulo, kampasi, tepi yoyezera, fosholo, zikhomo, hamala ndi zitini zitatu za penti. Tikafika pamalo, a Banda, dalaivala wathu amene analinso wokumba, ankakumba kadzenje, ine n'kuthiramo kapu ya madzi, a Zulu n'kumayang'ana. Madzi akalowa msanga, ndiye kuti mafuta nawonso adzalowa mpaka pansi. Pamatope ndi pabango mafuta amakakamira, sachoka. Pamwala amatsukika okha.

Chikhomo chofiira chinkatanthauza kuti pano mafuta asafike, tchingani ndi mitolo ya udzu ndi zingwe. Chachikasu, yesetsani. Chobiriwira ndiye ambiri sankachimvetsa. Pobiriwira ndi pamene mafuta adzakokeredwe dala, kuti aunjikane pamenepo, giredala, chigalimoto chopala misewu chija, ibwere ipale dothi lonse lakudalo, akalitaye kutali. Ndipo njira ya giredala yotsikira pamalo otero inkayenera kulambulidwa chaka chomwecho, mvula isanayambe.

A Zulu anali ndi lamulo limodzi: kufiira kulibe kwaulere. Pakhale chifukwa, ndipo achione ndi maso awo. Madzi akumwa, madimba, thamanda loswaniramo nsomba, mbalame zija zofiira zokumba zisa m'makoma a gombe. Ine anandilembera zimenezo, kufunsa amayi kuti amatunga pati, amachapa pati, amavuula pati nsomba, chifukwa mwamuna wachilendo akafunsa amayi amangoyang'ana pansi.

Ndinkayenda Masozi ali kumbuyo, chitini cha penti pamutu, maso ku madzi. Chipika chilichonse ndinkachiyesa ng'ona. Mvuu ikapuma, miyendo inkafuna kuthawa yokha. A Banda ankandiseka.

"Amake Masozi, ng'ona ikakugwirani muponye tepi kaye kumtunda. Ndi ya boma imeneyo."

"Idzayamba ndi inu, bambo, muli ndi mnofu."

Vuto linali lakuti malo obiriwira sankapezeka. Paliponse pali dimba, pali chitsime, pali bango. A Zulu anayamba kudandaula. Ndiye madzulo ena tikuweruka anandionetsa chithunzi, chala chili pamene mtsinje ukhota, kumunsi pang'ono kwa mudzi wathu. Mchenga woyera, wotsetsereka bwino, kumtunda kwake mtengo umodzi wa msikidzi, popanda njira, popanda munda.

"Manje tapeza," anatero. "Mawa tikakhoma chobiriwira apa. Giredala idzatsikira pafupi ndi mtengowu."

Pansi pa msikidzi umenewo ndi pamene amayi a mudzi wathu amaika nthayo, ana obadwa atafa kale. Mwana wotere samulira maliro, alibe bokosi, alibe dzina. Amamunyamula amayi okhaokha, ndipo samukwirira mozama, chifukwa amati ukazamitsa dzenje watseka mimba ya mayi wake. Mwamuna saponda, sauzidwa, ngakhale bambo wa mwanayo. N'chifukwa chake panalibe njira. Ndipo Masozi si woyamba wanga. Woyamba ali pamenepo.

Ndinafika kunyumba ndikuthamanga. Ndinapeza apongozi akusenda mtedza pakhonde, ndinagwada, ndinawauza zonse mpweya ukundithawa.

"Amama, giredala imapala mpaka m'mawondo. Anawo ali pamwambamwamba."

Sanasiye kusenda. "Ndiye mukufuna mukauze amuna?"

"Nanga nditani?"

"Amake Masozi, ntchito munaiyamba osatifunsa, tinakhala chete. Koma ili lokha ayi. Mwamuna akangomva, mimba za mudzi uno mudzaziyankha ndinu. Ndi uyo muli naye kumbuyo, mumuganizire."

Ndinagwira kaphazi ka Masozi. Anali kugona, osadziwa kanthu.

"Mukanene kuti timatungapo madzi," anatero apongozi. "Si mwati madzi akumwa amapaka chofiira? Basi. Mwamuna wa kutauni adziwa chiyani?"

M'mawa mwake tinafika pokhota paja dzuwa litakwera. Ndinaona amayi angapo kumtunda, apongozi pakati pawo, akutola nkhuni pamalo opanda nkhuni. Anabwera kudzamva pakamwa panga. A Banda anatsitsa zikhomo, anatsegula chitini chobiriwira. Ine ndinayandikira a Zulu.

"Bwana, apa amayi amatungapo madzi."

A Zulu anandiyang'ana, kenako anayang'ana mchenga. "Dzulo simunanene."

"Ndinaiwala."

"Zitsime zili kuti? Mapazi ali kuti?"

"Amakumba madzi akasowa kwina."

Sanakalipe. Anangochita zimene ankachita paliponse. "Chabwino, tione ngati madzi ali pafupi. A Banda, fosholo. Mukumbe pamthunzi apo, m'pamene pangakhale chinyezi."

Pamthunzi. Pansi pa msikidzi penipeni.

A Banda ananyamula fosholo paphewa akuimba kamluzu, anayamba kukwera. Ndinayang'ana kumtunda. Amayi onse anali ataimirira, nkhuni m'manja, palibe wotsegula pakamwa. Apongozi anagwira kukamwa ndi nsalu. Nzeru yawo ija ndiyo inali kutuma fosholo pa ana athu, ndipo anali okonzeka kungoyang'ana, chifukwa kulankhula kunali koletsedwa, koma kuyang'ana ayi.

Sindikudziwa kuti chitini ndinachitaya bwanji. Ndinangopezeka ndikuthamanga, mchenga ukumeza mapazi, mutu wa Masozi ukugunda pamsana panga, iye wayamba kukuwa, ine ndawadutsa a Banda, ndatembenuka, ndagwira fosholo ndi manja awiri.

"Simukumba."

"Aa, amake Masozi, mwawona njoka?"

"Simukumba, ndati!"

A Zulu anabwera pafupi. "Mayi, ndiuzeni. Popanda chifukwa sindingasinthe, mukudziwa."

Ndinamva apongozi akuitana dzina langa la kwathu, limene sanaliitanepo chikwatiwire. Ndinaganiza za mwana ali kumbuyoyu, kuti mwina mawu amene nditulutse amudula. Ndinaganizanso za winayo, amene sindinamuone ngakhale nkhope, chitsulo cha giredala chikumutembenuza padzuwa pamaso pa amuna. Onse awiri ndi anga. Wina ankatha kulira yekha, winayo analibe womulirira.

"Pali mwana wanga," ndinatero. Ndipo ndinabwereza mokweza, mu Chisenga, kuti a kumtunda asadzanene kuti ndinanong'ona.

A Banda anasiya fosholo m'manja mwanga. Iwo ndi a kum'mawa konkuno, anamva msanga. Anavula chipewa, anabwerera chafutambuyo, akuponda m'mapazi awo omwe, mpaka kumadzi. Nthabwala zinathera pomwepo. A Zulu anaima kanthawi, kenako nawonso anabwerera. Anandiitana ndi dzanja kuti nditsike.

"Pepani, mayi," anatero motsitsa mawu. "Koma ndikalemba kuti manda, a kuboma adzafuna kubwera kudzaona. Ndipo adzakhala amuna."

"Musalembe manda."

"Ndilembe chiyani?"

"Lembani kuti ndakana ine."

"Mumvetse bwino. Tikachotsa chobiriwira apa, malo ena abwino ali kumunsi, kupitirira madimba. Lole ikadzagwa, mafuta adzadutsa pamadimba onse aja asanaimitsidwe. La apongozi anu lili pomwepo."

"Ndikudziwa."

"Ndiye mukuti?"

"Dimba timalima lina."

Analemba mawu awiri okha m'mbali mwa pepala loonekera lija: eni akana. Kenako anatenga chikhomo, hamala ndi chitini chofiira, anaziika pamchenga, anabwerera m'mbuyo.

"Ife sitikwera. Kakhomeni nokha."

Ndinakwera ndekha. Ndinasankha pambali, kutali ndi mthunzi, pamene ndinkadziwa kuti pansi palibe munthu. Hamala inali yolemera, ndinadzimenya chala, koma chikhomo chinalowa. Ndinachipaka mpaka penti anayenderera pamchenga. Nditadzutsa mutu, amayi aja anali atapita.

Musaganize kuti kumudzi anandiombera m'manja. Apongozi anasiya kudya chimene ndaphika. Kuchitsime ndikafika, nkhani zinkaduka. Patangopita masiku ochepa Masozi anatentha thupi, ndipo ndinamva mayi wina kuseri kwa nkhokwe akuti, "Zayamba." Ndinamubereka, ndinathamanga kuchipatala ndikupemphera mawu osamveka, njira yonse ndikumufunsa Mulungu ngati ndapha mwana ndi pakamwa panga. Anamwino anati ndi malungo. Anachira. Koma mantha a ulendo umenewo sindinawaiwale, ndipo sindinganame kuti ndinali wolimba mtima. Amuna anga atabwera anauzidwa kuti mkazi wawo wachititsa manyazi mudzi, koma atafunsa kuti walakwa chiyani panalibe wotha kuwauza, poti nawonso ndi mwamuna.

Ntchito ndinaimaliza mpaka chikhomo chotsiriza. Giredala inabwera mvula isanagwe, inalambula njira yake kumunsi, kupitirira madimba. Ndinaima patali kuiyang'ana ikupala, ndipo ndinaona kuzama kwa chitsulo chake ndi maso anga.

Kwa amene mukufuna kuyamba ntchito yotere, chimene ndinatengapo ndi ichi. Pachithunzi cha ndege mukaona malo oyera, opanda njira, opanda munda, pafupi ndi mudzi wa anthu ambiri, musathamangire kusangalala. Anthu sasiya malo abwino popanda chifukwa. Funsani amayi, ndipo akayang'ana pansi, fosholo ikhale kaye m'galimoto.

Mimba za mudzi wathu sizinatsekeke. Koma mpaka lero, nthayo ikachitika, amayi amadutsa pakhomo panga ndi khasu lawo osandiitana. Amati ndili ndi pakamwa. Ndili napo, inde. Ndimakhala pakhonde n'kuwayang'ana akutsikira kumtsinje, ndipo ndimadziwa kuti kumene akupitako akapeza dothi lili m'malo mwake.