Anati Tisaikhudze Seva

Chaka chimene napolo anatsika m'phiri n'kudzaza matope m'makalasi athu ku Nkhulambe, mu ofesi ya aphunzitsi munapulumuka kabokosi kakuda kamene kanali pamwamba pa kabati. Mabuku a mulaibulale anasanduka phala. Tinayesa kuwayanika paudzu ngati makaka, koma masamba anamatana, moti ukati utsegule buku la sayansi unkangogamphula chibuma cha mapepala. Ine ndinkaphunzitsa jogalafe fomu folo, ndipo mayeso a boma anali akununkhira.

Kabokosiko tinkakatcha seva, monga ankakatchulira anthu a bungwe lina la ku Blantyre amene anatipatsa chaka cham'mbuyo. Kukula kwake sikankaposa buledi, koma m'kati mwake munali mabuku ambirimbiri, mapepala a mayeso akale ndi makanema a maphunziro. Ikayaka ndi magetsi a sola, ana ankailumikiza ku matabuleti a sukulu n'kumawerenga popanda intaneti. Matabuletiwo ankagona kunyumba kwa ahedi, kumtunda, choncho madzi sanawapeze. Kale sevayo tinkaiona ngati chokometsera chabe. Matope atatha mabuku, inakhala laibulale yathu yonse.

Amayi a m'midzi yozungulira ndi amene anakokolola matope pasukulupo. Atamva kuti mabuku otsala ali m'kabokosi kaja, anakapatsa ulemu. Apampando a gulu lawo, mayi wachikulire wogulitsa kalongonda pamsika, analuka nsalu yokhuthala ya ulusi wofiira ndi wachikasu n'kukafunditsa kuti kasalowe fumbi. Tonse tinaombera m'manja.

Sipanapite nthawi, seva inasiya kugwira ntchito. Kanyale kake kobiriwira kankayaka, matabuleti ankaipeza, koma tsamba la mabuku silinkatseguka. Ahedi anaimbira foni katswiri wa bungwe lija. Yankho linali lalifupi: tisaikhudze, abwera msewu ukakonzedwa. Mlatho unali utapita ndi madzi, anthu ankaoloka atanyamula njinga pamutu, ndipo panalibe amene ankadziwa kuti galimoto idzafikanso liti kwathu.

Ahedi athu anali bambo wabwino, koma wamantha ndi katundu wa eni ake. Anali atatsala pang'ono kupuma pantchito, ndipo sankafuna kuti dzina lawo likamveke ku boma pa nkhani yoononga zinthu. Tsiku lomwelo anatenga sikirini ndi kiyibodi ya seva n'kuzikhomera m'kabati.

"Madamu, mwamva nokha," anandiuza. "Akuti tisaikhudze."

"Nanga ana awerenga chiyani, bwana?"

"Muziwalembera manotsi pabolodi ngati kale."

"Kale tinali ndi mabuku otengamo manotsiwo."

"Chinthu cha eni ake ichi. Chikafera m'manja mwanu mudzayankha nokha."

"Chafa kale, bwana. Ndingachiphenso bwanji?"

Anaika makiyi m'thumba n'kutuluka.

Ine makani ndinabadwa nawo. Mayi anga ankati ndikanakhala mbuzi bwenzi atandigulitsa ndili kamwana. Koma tsikulo sanali makani okha, ndinakwiya kwenikweni. Kwathu kuno zinthu zambiri zimafa ndi ulemu. Mjigo ukathyoka timadikira amene anaukumba, ngakhale anachoka kalekale. Njinga ya ambulansi ikaphwa tayala imachita dzimbiri kudikira mwini chizindikiro chimene chinapakidwa kumbuyo kwake. Timapatsidwa zinthu, koma manja timauzidwa kuti tiike kumbuyo. Ndinkalowa m'kalasi n'kuona ana akugawana kabuku kamodzi kamene wina anabwereka kwa msuweni wake ku Migowi, mtima n'kumandiwawa.

Seva itabwera kumene, aphunzitsi awiri tinaphunzitsidwa kuyatsa ndi kuzimitsa, ndipo tinauzidwa pasiwedi yolowera m'kati, koma anatichenjeza kuti tisadzaigwiritse ntchito popanda iwo. Mnzangayo anali atasamutsidwa. Ndinatsala ine, wodziwa mitsinje ya ku Asia, wosadziwa kanthu za makompyuta. Komabe mbewa yamanyazi inafera kuuna. Pamsonkhano wa aphunzitsi ndinaimirira n'kunena kuti aliyense amve: seva ikaonongeka, dzina lopita ku boma likhale langa.

Msonkhano utatha, ahedi anatulutsa makiyi n'kuwaika patebulo.

"Ine sindinakupatseni," anatero. "Ndangowaiwala apa."

Nditalumikiza sikirini, ndinapeza mdima wokhawokha ndi timalemba toyera. Ndinazimitsa n'kuyatsanso, monga amachitira aliyense wosadziwa chochita. Palibe chinasintha. Thandizo linali pa intaneti, koma netiweki pasukulupo inkagwira pamalo amodzi okha, pachulu cha m'munda wa nandolo kuseri kwa nyumba za aphunzitsi, ndipo nthawi zina m'malo mwa yathu inkabwera ya ku Mozambiki. Ndiye ntchito yanga pa nthawi yopuma inali imeneyo: kukwera chulu, kufufuza pafoni, kutsika, kukalemba pa kiyibodi, kulephera, kubwereranso. Mwini mundawo anandipeza tsiku lina ndili pamwamba, foni m'mwamba.

"Aphunzitsi, ngumbi za masana zimenezi?"

"Ndikufuna mankhwala a makina, bambo."

"Mukawapeza mundipatseko, wailesi yanga nayo inasiya kuyankhula."

Malangizo pa intaneti ndi ambiri ngati asing'anga pamsika. Wina analemba kuti njira yachidule n'kufufuta zonse n'kuikamo pulogalamu mwatsopano. Ndinatsala pang'ono kumumvera, koma ndinadzifunsa kuti mabuku ndikawafufuta ndiwatenganso kuti, ndi netiweki ya pachulu. Kumeneko kukanakhala kuotcha nyumba chifukwa cha khoswe. Ndinapitiriza kufufuza mpaka ndinapeza mawu amene umalemba pofunsa pulogalamu chifukwa chimene ikukanira kuyamba.

Inandiyankha m'Chingerezi, liwu loti yalephera lili lofiira. M'munsi mwake inati singayambe chifukwa inzake ikugwira kale ntchito. Ndinayang'ana mapulogalamu onse amene ankayenda, inzakeyo panalibe. Ndinabwerera pachulu ndi uthenga umenewo, ndipo ndinapeza kuti anthu a m'mayiko akutali, a magetsi osazima, nawonso unawasowetsapo mtendere. Zimenezo zinandilimbitsa mtima kwambiri.

Nkhani yake inali iyi. Pulogalamu ikamayamba imasiya kafayilo kakang'ono kosonyeza kuti malo atengedwa, ndipo ikazimitsidwa bwino imakachotsa. Koma makina akazima mwadzidzidzi, kafayiloko kamatsala. Pulogalamu ikadzuka imakapeza, n'kuganiza kuti pali inzake, n'kubwerera. Zili ngati chidebe chimene mayi amasiya pamzere ku mjigo, iye atapita kalekale, anthu n'kumangoima osatunga.

Anthu a pa intaneti aja anati ndikafufute. Ine mantha anandigwira, chifukwa kufufuta chinthu cha eni ake kulibe pepani. Ndinangokasuntha n'kukaika pambali pomwe ndingakapezenso. Kenako ndinalemba mawu oyambitsira pulogalamu. Liwu lofiira lija linasanduka lobiriwira, ndipo ndisanaimirire n'komwe ndinamva phokoso m'kalasi ya fomu folo, ana akukuwa kuti yatseguka. Ndinasangalala ngati ndabereka mwana.

Chimwemwe chimenecho sichinakhalitse. Patapita masiku pang'ono, dzuwa lili paliwombo, seva inafanso ndi uthenga womwe uja. Ndinasunthanso kafayilo, inadzuka, kenako inafanso. Aphunzitsi anzanga anayamba kundipatsa moni woti "injiniya wathu," uku akutsinzinirana. Ahedi sananene kuti ndinanena ine, koma nkhope yawo inkanena. Ndinachita manyazi, ndipo manyaziwo anandiwonjezera ukali. Ndinazindikira kuti ndikungochotsa chidebe pamzere, osafunsa chimene chikuthamangitsa mwini wake. Batire la sola linali lodzaza. Mawaya anali olimba. Panalibe amene ankazula pulagi kuti atchaje foni, ndinachita kudikirira ndekha.

Tsiku lina itangofa, ndinakwera pampando n'kupisa dzanja pansi pa nsalu yofiira ija. Kabokosiko kanali kotentha ngati simbi. Pamenepo ndi pomwe ndinaona dongosolo lake. Ndikamakonza ndinkachotsa nsaluyo kuti ndilumikize sikirini, n'kuisiya pambali, ndipo seva inkayenda bwino. Tsiku limene amayi abwera kudzasesa, apampando ankaipeza ili yosafunda n'kuifunditsanso. Masana malata akatentha, inkabanika n'kudzizimitsa yokha.

Kulimbana ndi makina kunali kosavuta poyerekeza ndi kukauza mayi amenewo. Nsaluyo anailuka akugona m'tchalitchi, nyumba yawo itapita ndi napolo, ndipo mwana wawo wotsiriza anali m'kalasi yanga. Pakamwa pawo ankapaopa ngakhale mavenda. Ndinawadikira tsiku losesa n'kuwaitanira mu ofesi.

"Amayi, nsalu yanu ndi yokongola, koma ikupha makinawa."

"Ikupha?" Anaika tsache pansi. "Ine kuluka ndi manja angawa, wopanda ndi pogona pomwe, inu n'kumati ikupha? Ana a masiku ano, sukulu imakuchotsani ulemu eti?"

Anawonjezera mawu ena m'Chilomwe, amene sindingawalembe pano. Sindinabwerere m'mbuyo. Ndinatsitsa kabokosiko, kali kotentha, n'kuwapempha kuti akagwire. Anakagwira n'kuchotsa dzanja msanga.

"Ii! Kali ndi malungo kameneka?"

"Kamapumira m'timabowo tam'mbaliti, amayi. Mukakafunditsa kamabanika."

"Nanga amene anabweretsa aja osatiuza bwanji kuti n'kopuma?"

"Anangotiuza kuti tisakakhudze."

Anayang'ana nsalu yawo. Kenako anaipinda bwinobwino, anaiyala pamwamba pa kabati, n'kukhazika kabokosiko pamwamba pake.

"Ngati kakukana chofunda, kakhalire mphasa," anatero, n'kutola tsache lawo.

Kuyambira tsikulo seva sinafenso. Ana ankabwera ngakhale Loweruka, ena wapansi kuchokera kumidzi ya m'mphepete mwa phiri, atanyamula chinangwa chophika m'mapepala.

Katswiri uja anafika mlatho wongogwirizira utaikidwa, mayeso atatsala pafupi kwenikweni. Anali bambo waulemu, wotuwa ndi fumbi la panjira, ndipo ndikhulupirira kuti sukulu zomudikira zinali zambiri. Atalumikiza kompyuta yake anakwinya nkhope.

"Wina analowa m'katimu. Ndani?"

"Ndine," ndinayankha.

Ndinamufotokozera za kafayilo ndi za nsalu. Anagwedeza mutu kuvomereza kuti ndi momwemo, koma anati lamulo la bungwe lawo ndi loti seva imene yalowedwa ndi munthu wosaloledwa ipite ku Blantyre ikaunikidwe. Anati ibwera posachedwa, ndipo anayamba kutsegula chikwama chake.

Posachedwa wa ku Blantyre ndinali nditamudziwa. Ndinapita kukaima pakhomo.

"Achimwene, sevayi ituluka muno ana akamaliza mayeso. Lembani dzina langa, lembaninso kuti ndakana. Itafa munati tidikire, tinadikira. Lero ili moyo mukufuna kuitenga?"

"Madamu, si ine, ndi malamulo."

"Malamulowo sakalemba nawo mayeso."

Pakhomopo sindinachoke. Katswiriyo anatembenukira kwa ahedi, amene nthawi yonseyi anali pampando wawo akupukuta magalasi. Ndinkadziwa chimene anene: kuti iwo anangoiwala makiyi patebulo. Zinali zoona, ndipo sindikanawatsutsa.

Ahedi anavala magalasiwo pang'onopang'ono.

"Makiyi ndinawapatsa ndine," anatero. "Mukalembe mayina awiri, langa likhale pamwamba. Mukawauzenso akuluakulu anu kuti mlatho mwaolokawo ndi wamatabwa, ndipo mvula ibweranso. Inu mudzakhala kutsidya, ife tidzakhala kuno ndi ana."

Katswiriyo anapempha kuti aimbe foni. Tinamulozera chulu, ndipo tinamuona pazenera ali pamwamba pakati pa nandolo, dzanja likulankhula. Zimene anagwirizana ndi mabwana ake sanatiuze zonse. Anangobwera n'kutseka chikwama chake chopanda kanthu, anayang'ana kabokosi kali pamphasa yake yofiira, n'kutsanzika. M'kalasi ya fomu folo munalibe ndi mmodzi yemwe amene anadzutsa mutu kuona galimoto ikuchoka.

Ndikusonkhanitsa zinthu zanga kuti ndiweruke, ahedi anandiitana. Anatulutsa makiyi a kabati m'thumba. Ndinayang'ana patebulo, kudikira kuti awaiwalenso.

"Tambasulani dzanja, madamu," anatero.