Tsiku limene sindinapatukire apongozi

Lachiwiri lapitali ndinkachokera kuchigayo, ufa pamutu, Rozita kumsana, pamene ndinakumana ndi apongozi anga aakazi pakanjira ka kuseri kwa msika. Ndinati ndipatuke monga mwa ulemu wathu, koma iwo anandigwira pamkono.

"Kodi ndi mkono uwu umene amuna akumagwira ku parokiya?"

Ndifotokoze kaye. Patha chaka ndikupita kuholo ya parokiya Loweruka lililonse kukaphunzira aikido, masewera a ku Japan odzitetezera popanda kumenya munthu. Amatiphunzitsa ndi a Bento, namwino amene anaphunzira zimenezi ku Beira. Timagwirana pamkono, timagwetsana pa lona, tikadzuka timaweramirana. Amuna anga analola, koma anati mayi awo akadzakana, ndiye kuti zatha.

A Bento ali ndi mawu akale a masewerawa amene satopa nawo: "Akakukankha, zungulira. Akakukoka, lowa."

Kuzungulirako sikunandivute. Ndani mwa ife akazi sadziwa? Tinaphunzira tili ana: mkulu akamabwera, patuka, ukamakalipiridwa, yang'ana pansi mawu adutse. Koma kulowa? Munthu akukukoka, iwe n'kumusendereranso? Miyezi yonseyi ine ndinkalimbira kumbuyo, a Bento n'kumaseka.

"Mayi a Rozita, mukamakoka nanunso ndiye mwasanduka chingwe. Chingwe chimaduka."

Ndiye Lachiwiri lija apongozi anakoka. Mtima unati thawa, koma miyendo inapita yokha kutsogolo monga inazolowera pa lona. Ndinangopezeka ndaima pambali pawo, phewa ndi phewa, tonse tikuyang'ana kumodzi, ufa uli phee pamutu. Sindinawapotokole, Mulungu ndi mboni. Dzanja lawo linangofewa poti panalibenso chokoka.

Zaka zinayi ndili pabanja, ndinali ndisanaimepo pafupi nawo chonchi. Nkhope yawo sinali ya ukali. Inali ya munthu wotopa ndi zimene akumva kumjigo.

"Amayi," ndinatero, "Loweruka mubwere mudzaone nokha. Mukadzakana mutaona, ndidzasiya."

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikudzifunsa. Ulemu wopatukiranawu ndi wabwino, sindikuunyoza. Koma ngati mkamwana ndi apongozi amangoonerana patali, nkhani zawo amazimva kwa yani? Si kwa anthu akumjigo omwewo? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo ine chitsekocho ndinachiyang'ana chaka chathunthu.

Loweruka anabweradi. Anakhala pabenchi, Rozita pamiyendo, nkhope ili gwa. Nditagwetsa akatekisiti athu, bambo wathupi ngati nkhokwe, ndinaona apongozi akubisa pakamwa ndi nsalu, mapewa akugwedezeka.

Potuluka anati, "Mwanayu muzimusiya kwa ine Loweruka. Fumbi la muno silabwino pachifuwa."

Mawu oti "ndalola" sanawatchule, ndipo ine sindinawafunse.

Nanga inu, amene wakugwirani pamkono sabata ino, munayamba mwaimapo pambali pake kuti muone chimene iye akuona?