Ngozi Ziwiri M'kalasi mwa Esnat

Inu amene mayeso anakugwetsanipo, senderani pafupi, nkhani iyi ndi yanu.

Chaka chimene anzake ankapita ku Folomu 5, Esnat anali m'munda wa fodya wa munthu wina kufupi ndi tauni ya Concession, kudziko la anthu a Chishona, akupalira maricho, ganyu uja wa tsiku ndi tsiku. Mayeso a Folomu 4 anali atamukana. Chomuwawa kwambiri chinali phunziro la mabuku a Chingerezi, chifukwa ndi limene ankalikonda, ndipo ndi limene linamugwetsa chagada. Sewero lakale limene ankaphunzira analiloweza ngati katekisimu, koma atafunsidwa maganizo ake pa kugwa kwa mfumu ya m'seweromo, mutu unangoima.

Pa komboni ya antchito a m'minda, pamene ankakhala, panalibe wodabwa. Agogo a Esnat anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito pa pulazi, munda waukulu wa fodya, bambo ake anabadwira pomwepo ndi kufera pomwepo, ndipo minda itagawidwa banjali silinapatsidwe ngakhale pobzala therere. Anthu ankati mwana wa mabulandaya, dzina lotonza anthu ochokera ku Malawi, sukulu yake ndi khasu. Mawu amenewa amaluma, abale. Esnat ankalira ali mu mzere, n'kupukuta misozi ndi chitenje kuti kapitawo asaone.

Koma mtsikanayu anali ndi liuma la bambo ake. Bukulo ankalimanga m'chitenje pamodzi ndi chakudya, anzake akagona pamthunzi masana iye n'kumawerenga. Analembanso mayeso, nagwanso. Amayi ake anamuuza kuti angokwatiwa manyazi athe. Iye analuma mano, nalembanso, ndipo ulendo uno anakhoza. Sanaimire pomwepo, anadzikoka mpaka za Folomu 6 nazonso anazitha.

Nthawi imeneyo sekondale ina, yotsegulidwa zaka zochepa m'mbuyomo m'nyumba zakale zoumitsira fodya, inkasowa mphunzitsi wa mabuku. Anamutenga ngati wogwirizira. Ahedi sanazungulire. Anati phunziroli ana a kumapulazi salitha, ndipo akalephera ngati zaka zam'mbuyo, lichotsedwa, iyenso ntchito yathera pomwepo. Esnat atatsegula kabati anapeza kuti buku la chaka chimenecho ndi sewero lomwe lija linamugwetsa. Anangoseka.

Sewerolo ndi lomvetsa chisoni. Munthu wina, pothamangira ufumu, anasiya mnzake akumira pa mtsinje. Ufumu anaupezadi, koma patapita zaka bwato linagubuduzika pa mtsinje womwewo, mwana wake mmodzi yekhayo n'kumira, ndipo mfumuyo inafa ndi chisoni.

Esnat anayamba kuphunzitsa monga anaphunzitsidwira: kulemba manotsi pabolodi, ana n'kumakopera. Akafunsa funso, kalasi yonse zii, maso pansi. Mayeso a pakati pa chaka anagwa nawo pafupifupi onse. Ahedi anangomuyang'ana, ndipo iye anaona kuti khasu lamuyandikiranso.

Tsiku lina, atatopa ndi kuyankhula yekha, anaika choko pansi. Lamulo la pasukulu linali Chingerezi chokhachokha, koma iye anati aliyense ayankhe m'chilankhulo cha kwawo: chinapha mwana wa mfumu n'chiyani?

Filesi, mtsikana wa pa komboni amene chaka chonse anali asanatsegulepo pakamwa, ananena chapansipansi kuti inali ngozi. Tapiwa, mnyamata wa Chishona wokhala kutsogolo, anavomera mwamphamvu kuti eya, inalidi ngozi, munthu womira uja anabwera kudzabwezera.

"Kubwezera kwa chiyaninso?" anatero Filesi. "Ine ndati ngozi. Mphepo inawomba, bwato linagubuduzika. Palibe anachita dala."

Apa m'pamene panagona nkhani. Kwa ife ngozi ndi tsoka longogwa, lopanda mwini. Kwa anzathu Achishona ngozi ndi mzimu wa munthu wofa molakwiridwa, umene umalondola banja la wolakwayo mpaka mlandu utalipidwa. Ana awiriwa anatchula liwu limodzi, akunena zinthu zotsutsana. Kalasi ija ya zii inasanduka msika. Ana a pa komboni anaima ndi Filesi, ena ndi Tapiwa, ndipo ena, poti kwawo amayankhula zonse ziwiri, ankalumpha uku ndi uku.

Esnat anaima n'kumawamvetsera. Funso limene linamugwetsa zaka zonsezo linali lomweli, ndipo palibe anamuuzapo kuti munthu amaloledwa kulikanganira. Anawauza kuti mkangano ndi wabwino, koma pakamwa pokha sipakwana, aliyense atsegule buku apeze mzere womuikira umboni. Masamba anayamba kulira. A mbali ya Filesi anapeza pamene opalasa bwato ankadandaula za mitambo. A mbali ya Tapiwa anapeza pamene mfumu inkaopa kuyang'ana madzi. Kenaka Filesi yemweyo anafunsa chifukwa chake wolemba anasankha mtsinje womwewo, pomwe mitsinje ndi yambiri.

Phokosolo linakoka ahedi. Anaima pakhomo nkhope itakwinyika, nafunsa ngati pano pasanduka pokwerera makombi, maminibasi aja. Esnat sanabwerere m'mbuyo.

"Ahedi, ana awa akuganiza. Aloleni aganize m'chilankhulo chawo, polemba ndiwalembetsa Chingerezi."

Ahedi anati ntchito ndi yake, akafuna kuitaya aitaye yekha, nachoka.

Musaganize kuti zinangoyera tsiku lomwelo, ayi. Chingerezi cha anawo chinali chopunduka, ndipo ndime imodzi ankaibwereza mpaka ena kulira. Nyengo yothyola fodya theka la kalasi linkasowa, Esnat n'kumawalondola kukomboni Loweruka, buku kukhwapa. Anthu ankamuseka kuti akudzitopetsa ndi ana a eni. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Pang'onopang'ono anawo anaphunzira kunena maganizo awo, kuika umboni, ndi kuyankha wotsutsa asanafunse.

Zotsatira zitatuluka, si onse anakhoza, tisanamizane. Koma okhoza anachuluka kuposa ogwa, chinthu chimene sichinachitikepo pasukulupo, ndipo Filesi anaposa onse. Ahedi anamuitana Esnat mu ofesi, namuuza mwachidule kuti phunzirolo likhala, iyenso akhala, ndipo adzamuthandiza kupeza malo ku koleji ya aphunzitsi. Iye anathokoza mwaulemu, natuluka, nakalira kuseri kwa kalasi ndi chimwemwe.

Teremu itatsegulidwa, mabenchi anachepa, ana ena anakhala pa njerwa. Esnat asanayambe kuphunzitsa, pakhomo panaima mayi wina wochokera kutali, ku tauni ya Shamva, fumbi kumapazi, atagwira dzanja mtsikana wozolika.

"Aphunzitsi, uyu analephera chaka chatha, ndipo wasiya kudya. Ndamva kuti inu simuthamangitsa olephera."

Esnat anakoka mpando wake womwe, naupereka kwa mtsikanayo.

Inu amene mwagwa lero, dzukani musase fumbi. Amene akuti sukulu si ya mtundu wanu sanalenge mutu wanu. Lembaninso, funsaninso, ndipo chilankhulo cha amayi anu musachite nacho manyazi. Mtima wokhawo musautaye.