Bokosi Lopanda Mtembo

A Kettie Nabanda adabadwa pa 9 Malichi 1949, pa esiteti ya fodya ya mzungu wina kumadzulo kwa Nsaru. Tsikulo silidasokonekere chifukwa bambo awo, a Fanuel, adalilemba kuchikuto cha Baibulo. A Fanuel adali tenanti. Munda wa mzunguyo udadutsa pomwe padali manda akale a mudzi. Thirakitala idasalaza mitumbira yonse, ndipo anthu adayamba manda ena kutsidya kwa dambo. Mwanayo adabadwa ndi dzina loti Tiyanjane, koma mkazi wa m'busa wachizungu adati n'lalitali, ndipo pa ubatizo padatuluka la Kettie.

A Fanuel adasiya gule chaka chomwe adalowa kalasi ku mishoni, ndipo kuyambira pamenepo sankafuna kumva n'kulira kwa ng'oma komwe. Pa 2 Okutobala 1961 adamwalira agogo a Kettie, obereka amayi awo. Maliro adali a gule. A Fanuel adatsekera ana onse m'nyumba kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Kettie, wa zaka khumi ndi ziwiri, adamva ng'oma zikutuluka m'mudzi kuloza kudambo, iye ali kuseri kwa chitseko.

Atakula adakhala munthu wa pamaliro. Adakwatiwa ndi a Henry mu 1968, ndipo pa 6 Juni 1971 adavala yunifolomu ya amayi a chigwirizano. Adali ndi mawu otsogolera nyimbo, osasasa ngakhale atayimba masiku awiri. Ankasambitsa mitembo ya amayi anzawo, ankaluka nkhata za maluwa, ndipo paulendo wa kumanda malo awo adali kumbuyo kwenikweni kwa bokosi. M'masiku a chipani chimodzi ankavala nsalu ya chipani Loweruka kukavina pamsonkhano, poti wokana sankagona m'nyumba mwake, Lamulungu n'kuvala bulauzi yoyera. Sadaonepo chachilendo pamenepo. Aliyense ankatero.

Mwa ana asanu ndi mmodzi adakula awiri, Monica ndi Benson. A Henry adamwalira pa 17 Januwale 1989. Tsiku loika, a Kettie adapempha adzukulu kuti asiye malo a munthu mmodzi pambali pa mandawo. Anthu ankati akudzisungira okha, koma iwo ankanena poyera kuti ndi a Benson. Mwana wamwamuna amatha kukathera kuchikamwini, ndipo iwo ankafuna kuti wawo adzagone pafupi ndi bambo ake.

Benson sadasankhidwe kupita ku sekondale. Adakaphunzira kusoka pakhonde la sitolo ina pa Nsaru, kwa telala wachiyawo wochokera ku Salima. Telalayo adali ndi mwana wamkazi, Asiyatu. Mu 1998 Benson adalowa Chisilamu, dzina lake n'kukhala Bashiri. Zaka zimenezo m'midzi mudali manong'onong'o oti andale agulitsa dziko kwa Aluya, ndipo matchalitchi onse adzasanduka mizikiti. A Caleb, mlongo wawo wa a Kettie, mwini mbumba komanso mkulu wa mpingo, ankazikhulupirira zimenezi ndi mtima wonse. Kwa iwo mwana wa mlongo wawoyo sadakwatire, adagulidwa.

Ukwati wa Bashiri ndi Asiyatu udachitika pa 14 Novembala 1998. A Kettie adapita, adadya mpunga, adaluluta. A Caleb omwewo ndiwo adakanena kubwalo la mpingo, ndipo a Kettie adaimitsidwa mgonero miyezi isanu ndi umodzi. Atabwezeretsedwa, bulauzi yatsopano adawasokera ndi Bashiri, ndipo zonse zomwe adavala pambuyo pake zidatuluka pamakina ake. Iwo adaleka kuweta nkhumba kuti mwana azitha kudya pakhomo. Akabwera, nkhuku ankazinga yekha. Amayi ake ankamutchabe Benson, iye n'kumayankha. Za malo a kumanda aja adamuuzapo kangapo. Iye ankangoseka, n'kunena kuti, "Amayi, mukundithamangitsira kuti?"

Bashiri adamwalira Lachinayi pa 21 Ogasiti 2025, m'mawa, atadwala shuga zaka zinayi. Foni idawapeza a Kettie akusesa pabwalo. Pomwe a Caleb ankafika, amayi oyandikana nawo adali atayamba kale kulira.

"Mtembo ubwere kuno," adatero a Caleb. "Mwana ameneyu adabatizidwa ine ndikuona. Tiika Loweruka, Monica akafika kuchokera ku Mzuzu."

"Kodi mpingo udzayimba, achimwene?" adafunsa a Kettie.

"Mpingo sungayimbe, mukudziwa nokha. Koma manda ndi athu. Pemphero ndidzapereka ndine."

Chisankho chidali chitatsala milungu yosakwana inayi. Nyengo imeneyo maliro aliwonse m'deralo bokosi linkachokera kwa shado, munthu wofuna uphungu. A Caleb adaimba foni, ndipo pokwana teni koloko kagalimoto kadaima pakhomo. Anyamata adatsitsa bokosi lonyezimira, lokutidwa ndi nsalu ya chipani.

"Abwana akuti pepani kwambiri," adatero dalaivala. "Akufunsa tsiku loika, kuti adzalankhulepo pang'ono."

A Caleb adatuma adzukulu kumanda kukayamba kukumba pambali pa a Henry. A Kettie adakwera kabaza wa njinga yamoto kupita ku Nsaru kukatenga mwana wawo.

Nyumba ya Bashiri idali kuseri kwa msika. Amayi adakhala pamikeka kuseri kwa nyumba, atafunda kumutu, akulira motsitsa. Padalibe nyimbo. A Kettie adalowa ndi mfuu wa kumudzi, ndipo Asiyatu adadzuka n'kuwakumbatira mpaka mfuuwo udatha. Kenaka padafika a Shehe Amidu, mkulu wa mzikiti, munthu wa imvi kuchibwano. Adanjuta patali pang'ono, monga achitira mkamwini.

"Pepani, amayi. Tinkadikira inu. Tiika lero, ikatha swala yamasana."

"Lero? Ine ndabwera kudzatenga mwana wanga. Bokosi lafika kale kumudzi."

"Ife sitiika m'bokosi, amayi. Timakulunga m'nsalu. Ndipo mtembo sitiugoneka, manda akumbidwa kale. Iye mwini ananena Lachiwiri kuchipatala, ine ndilipo, mkazi wake alipo. Anati aikidwe pakati pa anzake omwe ankaswali nawo."

A Kettie adatembenukira kwa mpongozi wawo.

"Amake Amina, n'zoona zimenezi?"

"N'zoona, amayi."

"Nanga ine osandiuza bwanji? Si ndinali komweko Lolemba, ndikumumwetsa phala?"

"Anati mukanalira. Anati ndidzakupepeseni ndine."

Foni idalira m'chikwama. Adali a Caleb, ndipo mawu awo ankamveka kwa onse omwe adakhala pafupi.

"Mwanyamuka?"

"Akuti aika konkuno, lero."

"Akuti ndani? Adabereka ndi iwo? Musavomere kanthu. Khalani pakhomo pomwepo, ndikubwera ndi anyamata pagalimoto la a shado. Timutenga, afune asafune."

A Kettie adagwirabe foni kukhutu. Adadziwa kuti akangoti bwerani, a Caleb abweradi. Anyamata a chipani aja sakanafunsa kuti wamwalira ndani. A Kettie adaonapo maliro olimbirana ku Kasiya mu 2009, pomwe akuchimuna ndi akuchikazi adakokerana bokosi mpaka lidagwa n'kutseguka, anthu n'kuthawa. Adayang'ana chitseko cha chipinda momwe amuna ankasambitsa mwana wawo. Pansi pa chitsekocho pankatuluka madzi, akuyenda pang'onopang'ono kulowera kumpanda.

"Musabwere, achimwene."

"Mwati chiyani?"

"Ndati musabwere. Wanena yekha."

"Aka n'kachiwiri kumutaya mwana ameneyu, aNabanda. Koyamba mudaluluta. Nanga dzenje lakumbidwali? Nanga a shado ndikawauza chiyani?"

A Kettie adazima foni, n'kuiika pamkeka. Adapempha chinthu chimodzi, kuti aone nkhope. A Shehe adavomera msanga, adatulutsa amuna onse m'chipindamo n'kuima pakhomo. Bashiri adagona pamphasa, atakulungidwa nsalu zoyera, kumutu kokha kusadamangidwe. Adaoneka wamng'ono kuposa momwe adaliri pabedi la kuchipatala. Amayi ake adagwada, adamugwira pamphumi, adamukonza ndevu ndi chala. Nyimbo yomwe adayambitsa pamaliro osawerengeka, pa nthawi ngati yomweyi, idafika pakhosi yokha. Adaimeza. Sadadziwe ngati mwini wake akanaifuna.

"Benson," adatero, "ndabwera."

Adakhala pomwepo mpaka a Shehe adatsokomola panja.

Itangokwana wani koloko amuna adatulutsa jeneza, chonyamulira mtembo, atachifunditsa nsalu yobiriwira. Ankayenda mofulumira, akulandirana paphewa, aliyense mapazi ochepa n'kupatsa mnzake. A Kettie adadzuka, adamanga chitenje m'chiuno, n'kutsatira kumbuyo kwenikweni, pamalo pomwe adazolowera. Adadutsa mpanda, adadutsa pachigayo. Pofika pamsewu wina adawagwira mkono. Adali Asiyatu.

"Amayi, ife akazi timathera pano."

"Ndisiyeni. Ine ndaperekeza ana a eni ake zaka makumi asanu ndi zinayi. Ndilephere wanga?"

"Inenso ndi mwamuna wanga, amayi. Ndakhala naye zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Nanenso ndathera pano."

A Kettie adamuyang'ana. Milomo ya Asiyatu idali youma, yong'ambika. Sadakokenso mkono. Adakhala pansi m'mphepete mwa msewu, pafumbi, mpongozi wawo n'kukhala pambali. Nsalu yobiriwira idaoneka kanthawi pamwamba pa mitu ya amuna, kenaka idakhota kuseri kwa mzikiti. Lole yodzaza achinyamata ovala nsalu za chipani idadutsa ikuimba, fumbi lake n'kuwakwirira awiriwo. Pasadathe ola limodzi amuna adayamba kubwerera, awiriawiri, akusasa dothi m'manja.

Adafika kumudzi dzuwa likadalipo. Bokosi lidali pansi pa mtengo wa mango, poti padalibe yemwe adalola kuti lilowe m'nyumba mwake lopanda kanthu. Nkhuku zinkayenda pamwamba pake. Kumanda adzukulu adali atakumba kufika m'chiuno pomwe uthenga udawapeza. Dzenje la manda silisiyidwa lotseguka, komanso silikwiriridwa lopanda kanthu, choncho adadula thunthu la nthochi, adaliponyamo n'kukwirira. Malo omwe a Kettie adasunga zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi adatha motero.

Lachisanu m'mawa kagalimoto kaja kadabwera kudzatenga bokosi, poti ku Kabudula kudagwa maliro ena. Dalaivala sadapereke moni. Monica adafika masana a tsiku lomwelo, adamva zonse, ndipo adakana kupita ku Nsaru. Amayi a chigwirizano adabwera mmodzimmodzi, atavala zovala wamba. Ankakhala pang'ono, kupepesa, n'kumapita. A Caleb sadaponde pakhomopo mwezi wathunthu, ndipo m'mudzi ankauza anthu kuti mlongo wawo adapereka mtembo ndi manja awiri.

Pa 30 Sepitembala, patatha masiku makumi anayi, ku Nsaru kudali sadaka ya malemu. A Kettie adapita okha, atanyamula nkhuku yamoyo ndi ufa. Anthu atadya n'kuyamba kubalalika, adaitanitsa a Shehe.

"Ndikufuna mundionetse pomwe wagona. Sindilowa. Ndingoona."

A Shehe adatenga ndodo yawo. Adawatsogolera kuseri kwa mzikiti, m'kanjira kodutsa m'minda yotentha kale mapesi. Adaima pomwe mitengo ya manda idayambira. Mkatimo mudali mitumbira yambiri, yaifupi, yofanana. Padalibe mtanda, padalibe nkhata, padalibe dzina. Itatu idali ndi dothi latsopano.

"Uko," adatero a Shehe, akuloza ndi ndodo. "Kupitirira mtengo wa mthethe uwo, wachiwiri kuchokera kumanja."

A Kettie adatchinga dzuwa ndi dzanja. Maso awo adali atachita ng'ala, ndipo patali chotero ankangoona mithunzi ndi kufiira kwa dothi. Adasendera phazi limodzi kutsogolo. Ndodo ya a Shehe ija idatsika pang'ono n'kupingasa njira.

"Mwauona, amayi?"

"Pali mtengo pafupi, eti?"

"Ulipo. Masana pamakhala mthunzi."

"Ndauona," adatero a Kettie.

Adaimabe pomwepo akuyang'ana mbali yomwe ndodo idaloza. A Shehe adawadikira, osawafulumiza, mpaka nthawi ya swala itakwana.