Tsiku Limene Nyota Inaumira Mkaka

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi Mayi Nkhoma, Amalawi anzathu ogwira ntchito ku bungwe lina la mayiko ambiri kuno ku Nairobi. Tinkapemphera tchalitchi chimodzi ku Kasarani. Lamulungu lina tikuweruka, anandikoka dzanja.

"Tiyamike, sukulu ya ziweto ija wamaliza eti? Kuli malo ena ofufuza za mkaka akufuna munthu. Mawa udzuke ukasiye makalata. Usachite manyazi a kwathu aja, wamva?"

Ndinapita, ndipo patatha milungu itatu anandiitana. Chimwemwe chake ndinapitirira siteji yanga, mpaka kondakitala wa matatu, minibasi za kuno, anachita kundifunsa m'Chiswahili kumene ndikutsikira, "Madam, unashuka wapi?"

Pamalopo ankaweta mbuzi zochepa zimene anaziika jini yapadera zisanabadwe. Jini ndi kachidutswa ka malangizo a chibadwa. Cholinga chinali chakuti bere la mbuzi lizipanga puloteni ina yopha tizilombo toyambitsa matenda otsekula m'mimba, n'kumaithira mu mkaka. Nditawafotokozera amayi anga pafoni kuti ndikugwira ntchito ya majini, anadabwa.

"Majini? Mwana wanga, unapita ku Kenya kukaphunzira za ng'ombe kapena za asing'anga?"

Ndinaseka mpaka misozi.

Abwana anga anali Dokotala Muthoni, mayi wamfupi, wosachulukitsa mawu. Tsiku loyamba anandipatsa gawuni yoyera, magolovesi ndi jombo, n'kunena kuti, "Chubu chilembedwe nambala mkaka usanalowemo. Ndipo mkaka wa m'khola muno sulawidwa, ngakhale kadontho."

Ndinaphunzira kuyeza timadontho ndi pipeti, kuika machubu moyang'anizana m'makina ozunguza kuti mafuta a mkaka ayandame pamwamba, ndi kuphika zotsala zonse mu mphika wa nthunzi tisanazitaye. Koma miyezi inayi yoyambirira ndinkayeza mkaka wa mbuzi wamba. Mbuzi za jini zija zinali zisanaberekepo. Yoyamba kutenga bere inali Nyota, ndipo labotale yonse inkangoyang'ana mimba yake. Ntchito ya zaka zambiri inkadikira yankho limodzi: kodi puloteni ija ili mu mkaka kapena ayi?

Nyota inabereka Lachiwiri lina m'mawa. Ndinangofika pageti, a Mzee Kiprono, bambo wachikulire woyang'anira khola, anandikodola.

"Haraka, fulumira! Yabereka, kamwana kakakazi!"

Ndinathamanga chikwama chili kumsana. Kamwanako anali atakachotsa kale, kuti akapime sikelo ndi kukamwetsa ndi botolo m'chipinda china. Malamulo a kafukufuku ankati kasayamwe tisanatenge mkaka woyamba, wachikasu uja. Mkaka umenewo suchedwa kusintha, choncho Dokotala anati tikhale titautenga isanakwane twelofu koloko.

Anabweretsa makina okamira. Atangowayatsa, Nyota inadumpha, n'kuponda ndowa. Anaigwira anthu atatu, n'kuika timakapu ta makinawo ku nsonga za mawere. Simunatuluke kanthu. Bere linali lodzaza, lolimba ngati papaya losapsa, koma mkaka osatsika. Anayesanso kawiri. Mbuzi inkangolira, maso ali kuchitseko.

Itakwana leveni koloko, wina anati aibaye jekeseni wotsitsa mkaka. Dokotala anapukusa mutu.

"Tikaibaya, mafuta a mu mkaka akhoza kusintha. Ofuna kutitsutsa adzayambira pomwepo."

Ine ndinali kumbuyo, nditanyamula bokosi la ayisi. Ndinakulira ku Bvumbwe, kumene amayi amaweta ng'ombe ya mkaka, ndipo ndinayamba kukama ndili Sitandade 4. Zimene Nyota inkachita ndinkazidziwa bwino. Komanso m'kalasi anatiphunzitsa kuti chiweto chikachita mantha, thupi limatseka njira ya mkaka. Kungoti m'kholamo munali anthu a madigiri atatuatatu, ine wa miyezi inayi. Komabe ndinangolankhula.

"Pepani Dokotala, ikufuna mwana wake."

Onse anatembenuka.

"Mwana saloledwa kuyamwa," anatero Dokotala.

"Asayamwe ayi. Angokhala kumutu kwake, izimununkhiza. Makinawa tizimitse, ndikama ndi manja."

Dokotala anatenga fayilo ya malamulo, n'kutsegula masamba, chala chikuyenda pamzere uliwonse. Kenako anaitseka.

"Palibe palembedwa kuti isamuone. Mzee, katengeni kamwanako. Ena nonse tulukani."

A Mzee anabwera atakafukata ngati khanda. Nyota itangokaona inasintha kaliridwe, n'kuyamba kukanyambita pamutu. Ndinapempha madzi ofunda ndi kansalu koyera, ndinapukuta bere, n'kumalisisita kuchokera pamwamba kutsika m'munsi. A Mzee ankangonong'ona kuti, "Pole pole, mama, pole pole," kutanthauza pang'onopang'ono. Sindikudziwa ngati ankauza ine kapena mbuzi.

Patapita kanthawi ndinamva bere likufewa m'manja mwanga, nsonga zikudzaza. Ndinafinya. Mkaka wachikasu, wokhuthala, unathamanga tsooo m'chubu! Ndinakuwa Chichewa chenicheni, "Watuluka! Anthuni, watuluka!"

Dokotala sanaseke.

"Tayani chubu chimenecho. Mikamo itatu yoyamba sitisunga, imakhala ndi litsiro la kunsonga."

Ndinali nditaiwaliratu chifukwa cha chisangalalo. Manyazi anandigwira, koma nthawi yochita manyazi panalibe. Ndinatenga machubu ena olembedwa kale, ndinakamira pambali katatu, kenako ndinadzaza asanu ndi limodzi, atatu bere lililonse. Chomaliza chinalowa mu ayisi kutatsala mphindi zochepa. Mkaka wotsalawo tinakamira m'botolo la kamwana kaja.

Masana tinazunguza machubu, n'kuchotsa mafuta. Tili ndi timbale tagalasi momwe timameretsa tizilombo pa phala lolimba. Ndinaboola timaenje tiwiri paphalapo. M'kamodzi ndinadonthezamo mkaka wa Nyota, m'kenako mkaka woyamba wa mbuzi wamba umene tinasunga mufiriji. Tinaika timbaleto m'kabati yofunda.

M'mawa mwake ndinakwera bodaboda, kabaza wa njinga yamoto, matatu ndinaona ngati achedwa. Ndinapeza Dokotala atafika kale, koma kabati asanatsegule.

"Tsegulani ndinu," anatero.

Ndinatulutsa kambale, n'kukaloza kuwindo. Tizilombo tinali titamera mbuu ponseponse, mpaka m'mphepete mwa kadzenje ka mbuzi wamba. Koma kuzungulira kadzenje ka Nyota panali bwalo loyera mbee, lopanda kachilombo. Timbale tinzake tonse tinali chimodzimodzi. Dokotala Muthoni, mayi amene ndinali ndisanawaonepo mano, anandikumbatira mpaka magalasi awo anagwa.

"Kutsimikiza kudakalipo kwambiri," anatero akutola magalasiwo. "Koma lero tivine kaye."

Mlungu womwewo anapempha a komiti yoyang'anira ziweto kuti asinthe ndondomeko: mbuzi yongobereka kumene izikamidwa ndi manja, mwana wake ali pafupi. Pakalatayo anandiuza kuti ndisaine m'munsi mwa dzina lawo.

Panopa ndine amene ndimalandira ophunzira atsopano. Ambiri amachokera kumidzi, ndipo amabisa zimenezi ngati chinthu chochititsa manyazi. Tsiku loyamba ndisanawapatse pipeti ndimawatengera kukhola, n'kuwafunsa zimene amaweta kwawo. Ndiye ndimawauza kuti, "Ukaona chiweto chikukuuza kanthu, nena. Ngakhale m'chipindamo akhale madokotala okhaokha, iwe nena basi."