Bambo pa Galimoto ya Eni Ake

Ndinayambitsa ndine, ndipo ndineneretu kuti wina asadzanamizire Satana. Ndikukumbukira bwino, chinali chaka cha 2011, ndili ndi zaka khumi ndi zisanu, mutu wodzaza nzeru zopanda ntchito. Chaka chimenecho ahedi anali atandiitana kale kawiri: koyamba chifukwa cha chule amene anapezeka m'chikwama cha mtsikana wina, kachiwiri chifukwa belu lowerukira linalira nthawi isanakwane, sukulu yonse n'kupita kwawo. Zonsezo zinali zazing'ono poyerekeza ndi zimene ndinachitira bambo anga.

Tinkakhala m'zipinda ziwiri za kuseri kwa nyumba ina kumunsi kwa Musgrave, mumzinda wa Durban ku Joni. Bambo ankadula kapinga ndi kusamalira maluwa m'mayadi a anthu olemera ku Umhlanga. Mayi ankasoka, makina awo ali pafupi ndi zenera, ndipo ine ndinakula ndi phokoso lake m'makutu moti likasiya ndinkadzidzimuka. Chuma chathu chooneka ndi maso chinali kapikapu kamene kale kanali koyera, kuno amati baki. Bambo anakagula ku Tongaat katatopa kale ndi misewu ya m'minda ya nzimbe. Mayi anakapatsa dzina loti Tikafika, chifukwa bambo sankalonjeza chilichonse pa ulendo popanda kuyamba ndi mawu amenewo. Chitseko cha kumanzere chinkamangidwa ndi waya. M'kati munkanunkha kapinga wonyowa, petulo ndi makoko a malalanje. Sitata inafa ndisanayambe sekondale, choncho bambo ankakaimika pamtsetse, mphuno italoza kunyanja, kuti m'mawa kangotsetsereka n'kudzuka kokha.

Ndalama zimene makolo anga ankasunga zinali ndi dzina. Zinali za denga. Kwathu ku Ntcheu kunali nyumba ya njerwa zowotcha imene inaima pamwamba pa mawindo kwa zaka zitatu, udzu ukumera pabalaza, mbuzi za anthu zikubisalamo dzuwa. Mayi anajambula nyumbayo papepala ndi pensulo, denga ndi khonde zili pompo, n'kulimata pakhoma moyang'anana ndi makina awo.

Loweruka lina ndinapita kukathandiza bambo. Yadi yomaliza inali ya bwana wina amene anali ndi galimoto yakuda ya ku Jeremani, yotsika, yonyezimira ngati nsapato ya mkwati. Bambo ankaitsuka sabata iliyonse. Ukatsegula chitseko munkatuluka fungo la chikopa ndi kamphepo kozizira, ngati walowa m'banki. Tsiku limenelo bambo atamaliza anavula ovololo n'kuvala jekete lawo la kutchalitchi, chifukwa tinkadzera kukwaya. Makiyi a galimoto anali m'manja kuti akabweze kwa eni ake. Anatsamira chitseko pang'ono, kupumula msana, nkhope itayang'ana kutali monga amachitira anthu amene alibe nkhawa. Ndinatulutsa foni yanga yong'aluka ija n'kujambula.

Lolemba ndinakatsukitsa chithunzicho. Kumbuyo kwake ndinalemba motsanzira dzanja la bambo, lopendekera ngati chimanga chogwa ndi mphepo: “Achemwali, Mulungu wayankha.” Kunali mayi wina wa geni, a Nasibeko, amene ankakwera basi kupita kumudzi milungu iwiri iliyonse, ndipo ankatinyamulira kachikwama ka sopo ndi mafuta ophikira kopita kwa azakhali, mlongo wawo wamkulu wa bambo. Chithunzi chinalowa pakati pa sopo. Mukandifunsa chimene ndinkafuna, ndinkangofuna kumva phokoso lake.

Phokosolo linafika Lamlungu masana, tikudya. Bambo anaika foni pa sipika monga ankachitira nthawi zonse, ndipo m'chipindamo munadzaza nthungululu.

“Achimwene, mwatichotsa manyazi,” anatero azakhali. Anafotokoza kuti chithunzi chili kale m'galasi pakhoma, koma chisanakwere pakhomapo chinayenda. Chinafika ku mvano, chinafika kuchigayo, chinalowa nyumba ndi nyumba, makamaka za aja ankanena kuti mchimwene wawo anapita ku Joni kukameta udzu wa azungu.

“Achemwali, imeneyo ija...” bambo anayamba, n'kuima. Anandiyang'ana ine. Anayang'ana mayi. Anayang'ana kudenga. “Ndi chisomo basi.”

Mayi anaika supuni pansi mwakachetechete. Azakhali anapitiriza kuti ukwati wa mwana wawo Esinati uliko mu Disembala, ndipo mkwatibwi akwera yakuda yomweyo, aliyense wauzidwa kale.

Bambo anadziwa amene anajambula. Panalibe wina. Koma apa ndi pamene nkhaniyi inandikomera: sakanandilanga popanda kuvomera kuti ananama, ndipo bodzalo anali atalisainira okha pamaso pa tonse. Masiku angapo ankangondidutsa ngati mpando. Ine ndinkayenda m'nyumbamo ngati munthu amene wapambana mlandu.

Zikanathera pomwepo, koma bwana uja anauza bambo kuti akugulitsa galimotoyo, akufuna ina. Anatchula mtengo umene kwa iye unali wachifundo. Kwa ife unali denga lonse, n'kuwonjezerapo Tikafika. Kuyambira tsiku limenelo bambo anasintha. Anayamba kuitchula kuti “yakuda ija”, ngati mwana amene ali kusukulu yogonera komweko. Tsiku lina ndinawapeza akuyeza geti ndi chingwe choyanikira zovala.

“Bambo a Limbani,” anatero mayi madzulo ena, maso ali pa nsalu, “nanga kapinga muzikamuika pati? Pa chikopa?”

“Tidzapeza kangolo kokoka.”

“Apolisi akakuimitsani muli m'menemo? Chizulu chanu chimathera pa moni.”

“Mapepala anga ndi abwino.”

“Mvula ikagwa ku Ntcheu tizikagona m'galimotomo?”

Bambo anapukuta manja awo okakala aja ndi kansalu. “Zaka khumi ndi ziwiri ndikugwada m'maluwa a anthu, mayi a Limbani. Kamodzi kokha ndifike kwathu, anthu aimirire.”

Bambo anagwirizana ndi bwana kuti akapereka ndalama Loweruka la kumapeto kwa mwezi. M'mawa mwake pepala la nyumba lija linali litachoka pakhoma, patangotsala zipsera zinayi za selotepi. Makina anayamba kumalira mwa apo ndi apo, kenako masiku ena osalira n'komwe. Tsiku lina ndikuchokera kusukulu mayi anandipatsa singano kuti ndiwalowetsere ulusi, ndipo ndili mkati molowetsa ananena motsitsa mawu: “Iwe unaseka tsiku limodzi. Ine zala izi ndaziboola zaka zisanu.” Sanandikalipire. Bola akanandikalipira.

Ndikanakhala mwana wabwino ndikanalira n'kupepesa. Ine ndinaona kuti chimene chinalowa ndi chithunzi chitulukanso ndi chithunzi. Mwayi unabwera Lolemba lina, munthu wina atatilanda malo athu a pamtsetse. Tikafika anagona pamalo athyathyathya, ndipo m'mawa panafunika kukankha. Mayi anakhala pa chiwongolero, duku lili kumutu. Bambo anali kumbuyo mu ovololo ndi majombo, phewa lili pa chitsulo, mano ali pamtunda, makina odulira kapinga ndi matumba a manyowa zili pamwamba pawo. Ine ndinayenera kukankha nawo. Ndinati ndikumanga chingwe cha nsapato. Chithunzicho chinatuluka bwino kuposa choyamba, utsi wakuda uli momwemo. Kumbuyo ndinalemba ndi dzanja langa lenileni: “Azakhali, yathu ndi iyi.” A Nasibeko ananyamuka nacho Lachitatu.

Ndinadikira masiku asanu ndi anayi. Foni inalira Lachisanu madzulo, kutatsala tsiku limodzi kuti ndalama zikaperekedwe kwa bwana, bambo atangovula majombo. Ndinakhala pafupi ndi chitseko kuti zikavuta ndisasowe njira.

“Achimwene, awiri?” anatero azakhali. “Magalimoto awiri, osanena?”

Ndinali nditawonjezera bodza m'malo molichotsa. Koma azakhali anali asanamalize.

“Tsono mverani ine. Yakudayo musabwere nayo. Mimba yake ili pansi ngati bakha, ndipo msewu wathu mu Disembala mukuudziwa, ikathera pa dambo paja. Mubwere ndi yoyerayi. Ituta mabenchi a kutchalitchi, ituta nkhuni, inyamula akwaya. Esinati akhala kutsogolo, ndi mwana wa kumudzi, sasungunuka.”

Khomo la bodza linali lotseguka. Bambo akanangoti chabwino achemwali, n'kukhala munthu wa magalimoto awiri mpaka imfa, denga osalikhudza. Ndinaona mayi atagwira m'mphepete mwa tebulo. Bambo anayang'ana foni ija nthawi yaitali, kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka. Ankaseka, kuseka kopanda mawu, misozi ikutsika.

“Achemwali,” anatero atapeza mpweya, “galimoto yanga ndi imodzi, yomwe mukuiona ndikukankhayo. Yakudayo ndi ya bwana. Ine ndimangoitsuka.”

Kuchokera ku Ntcheu tinkamva nkhuku ndi mwana akulira chapatali.

“Nanga jeketelo?” anafunsa azakhali.

“Ndi langa.”

“Nsapato?”

“Zanga.”

“Ndiye zambiri ndi zanu. Chithunzi sichitsika pakhoma.” Anapuma pang'ono. “Koma mwana wanuyo mubwere naye. Ndili naye mawu.”

Loweruka bambo anapita ku Umhlanga ndi ndowa ndi nsalu yawo monga mwa masiku onse, n'kukauza bwana kuti apeze wogula wina. Kunyumba makina a mayi analira tsiku lonse mpaka woyandikana nafe anagogoda khoma.

Mu Disembala Tikafika anafika. Anatenga masiku anayi, anawira kawiri, ndipo pa Tete tinamukankha pa dzuwa loti ukhoza kukazinga dzira pa boneti. Pa ukwati anavala maluwa a mapepala ndi maliboni, waya wa chitseko titaukulunga ndi nsalu yoyera. Anatuta mabenchi, anatuta akwaya, anadutsa dambo lija matope ali m'mawondo pamene galimoto ya m'busa inatitimira. Anthu anaimirira, ngakhale kuti ambiri anaimirira kuti akankhe. Ukwati utatha, malata anabwera kuchokera kuboma pamsana pa Tikafika yemweyo, maulendo atatu. Tsiku limene mmisiri anakhoma msomali womaliza kunagwa mvula ya masana, ndipo ndinaona bambo ataima pakati pa balaza lopanda mipando, mutu utapendekeka, akumvetsera. Mayi anakhala pansi pa simenti n'kutambasula miyendo.

Masiku ano chithunzi chimafika kumudzi munthu usanatsitse dzanja, ndipo palibe amene amachikhulupirira. Ana a Esinati akhoza kukuikani pambali pa ndege muli m'bafa. Nthawi imeneyo chithunzi chinkayenda masiku atatu pakati pa sopo, ndipo chikafika chinali umboni. Tikafika anatumikira mpaka 2015, n'kukafera pa chitunda china cha ku Berea, tinamugulitsa kwa ogula zitsulo. Makolo anga anabwerera kwawo, ali pansi pa denga lija. Ine ndikadali ku Durban, ndimayendetsa kagalimoto kakale kamene anzanga amakaseka, ndipo ndikamadutsa kumene amagulitsa zonyezimira ndimayang'ana ndithu, magazi ndi omwewo. Ndimathokoza mayi amene anadziwa polekezera kulankhula, azakhali amene ankadziwa msewu wa kwawo kuposa ulemerero, ndi bambo amene ananena zoona pa tsiku limene bodza linali laulere. Koma kunena kuti ndimadandaula, ndinganame. Popanda ine banja lathu likanakhala ndi denga lokha, lopanda nkhani.

Chilango chinabwera denga litatha, bambo atamasuka tsopano kundilanga. Anagwirizana ndi azakhali kuti ndiyende nyumba iliyonse imene chithunzi choyamba chinalowamo, ndigwade pakhomo, ndinene ndekha zimene ndinachita. Azakhali anatchula nyumbazo pamtima, ndipo anandipatsa chithunzi chachiwiri kuti ndizionetsa. Ndinanyamuka m'mawa nkhope nditaikonza ngati wopita kumaliro. Pa nyumba yoyamba ndisanamalize n'komwe, mayi wa pakhomopo anagwa pamkeka ndi kuseka, n'kuitana anzake kuti ndiyambirenso. Anandipatsa thobwa. Pa yachiwiri anandipatsa mango. Pa yachisanu ndinali nditawonjezera kale mawu a azakhali pa foni ndi kayendedwe ka bambo poyeza geti, ndipo ana khumi ankanditsatira pambuyo. Mkulu wina amene kale ankanyoza bambo anayang'ana chithunzi cha kukankha chija nthawi yaitali, n'kunena kuti munthu wokankha galimoto yakeyake si wosekedwa, kenako anandiwotchera chinangwa.

Ndinabwerera dzuwa likupendeka, mimba ili nda, matumba a kabudula akulendewera ndi mango. Bambo anali pakhonde lawo latsopano. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kufunsa ngati ndamva kuwawa kwake.

Ndinati ndamva, bambo, kwambiri, ndipo nyumba ziwiri ndinapeza eni ake kulibe, ndiyenera kubwererako mawa.